Andidulira nthambi yolakwika pa pichesi wanga wokwatitsa, ndingozula?

NaPhiri_Area25
Moni nonse a pagulu pano. Ndithandizeni nzeru mtima usanandiphulike. Mu Disembala, mvula itangokhazikika, ndinagula kamtengo ka pichesi kwa anyamata ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu. Anati n'kokwatitsa, ndipo chipsera cha polumikiza chinkaonekadi, pulasitiki ikadali pomwepo. Ndinakadzala kuseri kwa nyumba. Cha mu Febuluwale kanatulutsa mphukira ina pansi pa chipsera chija, n'kukula mwamphamvu kuposa nthambi ya pamwamba. Ine ndimvekere Mulungu wadalitsa, mitengo iwiri pa mtengo wa umodzi. Ndiye Loweruka lapitali mphwawo wa bambo a kunyumba, amene tikukhala naye, akuti akonze pabwalo. Waona nthambi ziwiri, ina yonenepa ina yonyozoloka, wadula yonyozolokayo ndi chikwanje, pachipsera penipeni. Akuti amathandiza mtengo. Dzulo mnzanga wa kukwaya wandiuza kuti yadulidwayo ndiye inali pichesi amene ndinalipira. N'zoona zimenezi? Komanso masamba ayamba kuchita chikasu n'kumayoyoka. Ndizule ndikagule wina?

Kabaza_Boy
Pepani mayi. Mnyamatayo mumuuze kuti safunsa adadya phula kkkk

Mlangizi_Wopuma
Amayi, khasu lisayandikire pamenepo. Mnzanuyo wanena zoona, koma nkhani siinathere pomwepo. Mtengo wokwatitsa ndi mitengo iwiri m'thupi limodzi. Wapansi, mwini mizu, amameretsa kuchokera ku njere ya pichesi wamba. Wapamwamba ndi kanthambi kapena diso (kamfundo ka pa nthambi pamene pamaphukira tsamba kapena duwa) lotengedwa pa mtengo umene zipatso zake zimadziwika. Chilichonse chophuka pansi pa chipsera n'cha wapansiyo, ndipo chimafunika kubudula ndi chala chikadali chanthete, chifukwa chili pafupi ndi mizu, chimayamba ndicho kudya. N'chifukwa chake nthambi yanu ya pamwamba inanyozoloka. Mnyamatayo wangotsiriza ntchito imene mphukira ija inayamba mu Febuluwale, musamukalipire kwambiri.

Mwatsala ndi tsinde limene mizu yake yazolowera dothi la pakhomo panu kwa miyezi 6. Mukalikwatitsanso lidzathamanga kuposa kamtengo ka m'chubu komwe mungagule lero. Za masambazo, uno ndi Juni. Pichesi amayoyola masamba nyengo yozizira, amakhala ngati wagona. Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo, mukaona mobiriwira mkati ndiye kuti ali moyo.

NaPhiri_Area25
Ndakanda bambo, mwabiriwira. Mpweya wabwerera.

Mwana_wa_Tsangano
Ine zokwatitsakwatitsa zanu za m'tauni sindizimvetsa. Kwathu mapichesi amamera okha kuseri kwa khola, pamene ana analavulira njere. Palibe amene amagwira mpeni, koma nyengo yake ikafika madengu amadzaza pa Lizulu mpaka ena kuolera pansi. Mayi, usiyeni mtengowo ukule momwemo. Pichesi ndi pichesi.

Mlangizi_Wopuma
Achimwene a ku Tsangano, simunaname. Wa njere amabereka, kawirikawiri pakatha zaka 3 kapena 4. Koma mukuiwala zinthu ziwiri. Choyamba, njere siilonjeza kanthu: mwana akhoza kufanana ndi mayi ake, akhozanso kubereka tizipatso ta ubweya tokhala njere yokhayokha. Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, kwanu kumazizira. Maso a pichesi safuna kudzuka asanalandire chisanu chokwanira, ndipo akatswiri amachiwerenga m'maola amene kuzizira kwatsika kufika cha pa madigiri 7. Mitundu yambiri ya ku Ulaya ndi ku America imafuna maola mazanamazana, ina kuposa 800. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, Lilongwe ali cha pa 1,050. Kusiyana kumeneku mumakumva pakhungu mukatsika minibasi pa Dedza mu Julayi, ndiye mtengo nawo umakumva. Ukachepekedwa chisanu umachita maluwa apa ndi apo, masamba amachedwa, nthambi zina zimangokhala mbulanda mpaka Okutobala.

Ilipo mitundu yofuna chisanu chochepa. Flordaprince, amene anatulutsidwa ndi University of Florida mu 1982, amakhutira ndi maola pafupifupi 150, chimodzimodzi TropicBeauty. Za mitundu yotereyi mukhoza kufunsa a zaulimi ku Bunda kapena ku malo a kafukufuku a Bvumbwe ku Thyolo. Koma kwa mayi wa mtengo umodzi kuseri kwa nyumba, langizo langa n'lapafupi: funafunani pichesi amene mwamuona ndi maso anu akubereka bwino muno mu Lilongwe, zaka zingapo zotsatizana, mupemphe kanthambi. Ameneyo mayeso a nyengo yathu anakhoza kale. Musakatenge ku Bembeke chifukwa choti munadyako okoma.

Mwana_wa_Tsangano
Mwayankha bwino akulu, koma ndikubetcha kuti tsinde limene lili kwa mayiwa ndi njere ya kwathu komweko. Anyamata a mbande amatola njere pa msika.

Mlangizi_Wopuma
Pamenepo sinditsutsa.

Bambo_a_Junior_Kawale
Mayi, nkhani yaing'ono iyi. Ine ndakwatitsa mango oposa 30 pakhomo panga ndi kumudzi ku Mitundu. Dulani mphukira yonenepayo cha m'bondo, ing'ambeni pakati ndi mpeni kuzama ngati masentimita 3 kapena 4, kanthambi kanu mukasongole mbali ziwiri ngati nsonga ya tchizulo, lowetsani, mangani. Pomangira ine ndimang'amba pepala la pulasitiki la shuga m'timizere, limatamuka bwino. Pamwamba vekani kajumbo koyera kuti kasaume. Basi.

Chitsime_cha_Likuni
Mango ndi pichesi si amodzi bambo. Ine ndinachita ndendende momwe mwanenamo, 6, chinagwira chimodzi. Zinazo zinatuluka utomoni n'kuuma.

Bambo_a_Junior_Kawale
Munachita mwezi wanji?

Chitsime_cha_Likuni
Okutobala.

Bambo_a_Junior_Kawale
Ndiye mukuti walakwa ndi pichesi? Okutobala wa Lilongwe ngakhale munthu amauma.

Mlangizi_Wopuma
Nonse muli ndi mbali yanu. Njira yong'amba imatheka pa pichesi, koma nthawi yake n'njopapatiza: kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, tsinde likuyamba kudzuka koma kanthambi maso ake asanatseguke. Kakhale ka msinkhu wa chaka chimodzi, konenepa ngati pensulo, ka maso atatu kapena anayi. Yang'anitsitsani masowo. Onenepa, aubweya, ndi a maluwa. Owonda, osongoka, ndi a masamba, ndipo nthawi zambiri lowondalo limakhala pakati pa onenepa awiri. Kanthambi kopanda diso la masamba sikangakupatseni nthambi.

Chimene a ku Kawale sanatchule, poti manja awo anazolowera, ndi pamene pagona nkhani yonse. Pakati pa khungwa ndi mtengo wouma wa mkati pali kamnofu kobiriwira, kopyapyala ngati pepala. Ndi kokhako kamene kamalumikizana. Ngati tsinde n'lonenepa kuposa kanthambi, musakaike pakati kuti zioneke bwino. Kasunthireni mbali imodzi kuti khungwa ligundane ndi khungwa. Mbali imodzi ikagwirana yakwana. Mpeni ukhale wakuthwa moti n'kumeta, mupukute ndi sipiliti, musongole kamodzi kapena kawiri osati kupala ngati mzimbe, ndipo posongolapo musagwire ndi zala.

Komabe amene amachulukitsa mapichesi ambiri sadalira njira imeneyi, amaika diso. Nthawi imene mtengo ukukula ndipo khungwa likusendeka mosavuta, monga mu Disembala ndi Januwale, mumacheka khungwa la tsinde ngati chilembo cha T, n'kutsegula milomo yake. Pa nthambi ya mtengo wabwino uja mumasenga diso limodzi pamodzi ndi kachikopa kake, tsamba mutadula n'kusiya kaphesi kogwirira. Mumalitsetserekera m'kati mwa T muja, n'kumanga pansi ndi pamwamba, diso lili pamtunda. Pakatha masabata awiri kapena atatu khudzani kaphesi kaja. Kakagwa kokha diso lili lobiriwira, lagwira. Kakauma n'kukakamira, lafa. Likagwira mumadula tsinde pamwamba pake pang'ono kuti mphamvu yonse ipite kwa ilo. Bala lake n'laling'ono, ndiye pichesi salira utomoni wambiri.

Amayi a ku Area 25, yesani yong'amba kumapeto kwa Julayi. Ikakanika simunaluze kanthu, tsindelo lidzaphukanso, musiye mphukira imodzi, mudzaike diso mvula ikagwa. Chitsa chimene chinasiyidwa ndi chikwanje chija muchisalaze ndi mpeni kuti madzi asamaimepo.

Wakumpoto_47
Funso la mbuli: ndili ndi mango wamkulu wosabereka. Ndingaikepo pichesi?

Chitsime_cha_Likuni
Mbuzi siibereka nkhosa achimwene.

Mlangizi_Wopuma
Sizingagwire. Ukwati umafuna pachibale. Pichesi, pulamu, nekitarini, apurikoti ndi amondi onse ndi a banja la Prunus. Nekitarini ndi pichesi yemweyo wopanda ubweya, ndipo mapulamu a mtundu wa ku Japan amakhala bwino pa tsinde la pichesi. Mango, apozi, masuku, gwafa, iwalani.

Mai_Busa_Chilinde
Poti akatswiri mwasonkhana, wanga ndi wa zaka 5, sindinamudulepo ngakhale kamodzi, ndimamva chisoni. Pano wapitirira denga. Zipatso zimabwera kunsonga kokhakokha, mbalame ndi ana a sukulu ndiwo amadya, m'munsi muli nthambi zotuwa zopanda kanthu. Apongozi anga akuti ndikhome msomali pa thunthu.

Kabaza_Boy
Msomali umagwira ntchito, agogo anga ankakhoma pa papaya.

Dokotala_wa_Nkhuku
Msomali ntchito yake ndi pa denga. Mtengo wa mayi busa sukukana kubereka, ukubereka kumene iwo safika.

Gogo_wa_Bembeke
Mwana wanga wa ku Chilinde, chisoni chakocho ndicho chakulanda zipatso. Ine mapichesi ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana. Mvera. Pichesi amabereka pa nthambi imene inamera chaka chatha, yofiirira ija. Nthambi ikabereka kamodzi, pamalo pomwepo siidzaberekanso, imatuwa, zatsopano zimamera kutsogolo kwake. Ukapanda kudula, chaka chilichonse zipatso zimasamukira kunsonga, kuthawa iwe. M'kati mukachita mthunzi timphukira timafa. Ndiye kudulira kwa pichesi si kumulanga, n'kumuuza kuti atulutse zofiirira zatsopano pamene dzanja lako lifika.

Koma wako wakula, usamugwetse tsiku limodzi. Chaka chino, mwezi uno kapena wa mawa, chotsa zouma, zokhulana, ndi nthambi imodzi kapena ziwiri zazikulu za pakati zimene zaloza kumwamba. Dula pamene pali nthambi ina yoloza kunja, osasiya chitsa. Chaka cha mawa utsitsenso. Zaka zitatu adzakhala wa msinkhu wako. Gwiritsa sowo, chikwanje chimang'amba.

Mai_Busa_Chilinde
Zikomo agogo. Pabala ndipake chiyani? Wina anandiuza oyilo wakuda wa galimoto.

Dokotala_wa_Nkhuku
Oyilo ayi chonde, amawotcha khungwa lomwe likanatseka balalo.

Bambo_a_Junior_Kawale
Ine ndimapaka penti yotsala ya m'nyumba, ya madzi ija, sindinaonepo vuto.

Gogo_wa_Bembeke
Ine sindipaka kanthu. Ndimadula mopendeketsa, tsiku lopanda mitambo, dzuwa la Julayi limaumitsa lokha. Chimene sindichita ndi kudula nthambi zazikulu nthawi ya dzinja, pamenepo ndiye matenda amalowa, mtengo n'kuyamba kulira utomoni.

Lendi_Yandikwana
Inu mukukamba za zaka zitatu muli ndi mapuloti anu. Ine ndinadzala mapeyala ndi pichesi pa nyumba ya lendi ku Area 36, chaka chimene anayamba maluwa eni nyumba akuti mwana wawo akukwatira, tulukani. Pano ndikadutsa ndimangoona ana a eni ake ali m'mwamba.

Wakumpoto_47
Dzalani m'chidebe chachikulu, posamuka mukweze pa lole pamodzi ndi mipando.

Lendi_Yandikwana
Wa lole amawerengera katundu aliyense achimwene, simunasamukepo inu.

Kabaza_Boy
Komanso abale mapichesi a pa msika bwanji amakhala ndi mphutsi? Ukaluma umayenera kutseka maso.

Dokotala_wa_Nkhuku
Ndi ntchentche za zipatso, zomwe zimavutitsanso mango ndi magwafa. Yaikazi imaboola khungu chipatso chikayamba kupsa n'kuikira mazira m'kati. Mphutsi zikakhuta zimagwera m'dothi, n'kudzatulukamo zili ntchentche. Ndiye zipatso zogwa zija mukazisiya pansi mukuweta. Tolani tsiku lililonse, mangani m'jumbo lakuda muike padzuwa masiku angapo, kapena kwirirani mozama. Pa mtengo umodzi wa pakhomo mukhoza kuveka chipatso chilichonse kathumba ka pepala chikadali chobiriwira. Zimaoneka ngati misala koma mudzadya ndi maso otsegula.

Adimini
Abale, za lendi zili ndi gulu lake. Tibwerere kwa mayi a ku Area 25.

NaPhiri_Area25
Zikomo a Adimini, ngakhale za mphutsizo ndalemba. Funso langa lotsala: zikagwira, ndidzadule bwanji kuti ndisadzafike pa mavuto a mayi busa? Ndikufuna ndidziwiretu, chikwanje ndabisa kale.

Mlangizi_Wopuma
Agogo a ku Bembeke anena zambiri, ine ndingoika miyezo. Tambasulani dzanja lanu zala ziloze kumwamba ngati mwanyamula mbale. Pichesi wodulira bwino amaoneka choncho: thunthu lalifupi, nthambi zikuluzikulu zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana, pakati pali mbee kuti dzuwa lilowe.

Kanthambi kanu kakagwira, musiye mphukira imodzi yamphamvu, muimangirire ku kamtengo chifukwa mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala imathyola polumikiza. Ikafika cha m'chiuno, iduleni pa masentimita 60 kapena 70 kuchokera pansi. Mudzamva kuwawa, dulani basi. Idzatulutsa nthambi zambiri m'mbali. Sankhani zitatu kapena zinayi zimene zatuluka motambalala, osati zokakamira ku thunthu, chifukwa zopanikizika zimadzang'ambika zikalemedwa. Zisatulukire pamalo amodzi, zitalikirane ngati chikhatho. Zina zonse chotsani. Juni kapena Julayi wotsatira mufupikitse nthambi zimenezo, kuchotsako gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo nthawi zonse mudule pamwamba pa diso loyang'ana kunja. Diso loyang'ana m'kati lidzakutsekerani pakati paja.

Akayamba kubereka, chaka chilichonse mumachotsa pafupifupi theka la nthambi zofiirira. Zipatso nazo zikafika ngati nsonga ya chala chachikulu mumapatulira, kusiya chimodzi pa masentimita 15 kapena 20 alionse. Anthu ambiri amalephera apa. Amasiya zonse, n'kumadandaula kuti anawagulitsa mtundu wa ting'onoting'ono.

Chitsime_cha_Likuni
Onjezani za chiswe akulu. Manyowa osapsa ndi udzu wophimbira zisagunde thunthu, siyani mpata. Wanga mmodzi yekha amene anagwira uja anadyedwa ndi chiswe mu Seputembala.

Mwana_wa_Tsangano
Mwaona? Wa kuseri kwa khola sadyedwa ndi chiswe.

Gogo_wa_Bembeke
Amadyedwa mwana wanga, kungoti suwerenga amene afa.

Wakumpoto_47
Mayi a ku Area 25, anansi anga ali ndi pichesi amene amabereka chaka ndi chaka, zipatso zachikasu m'kati, zimapsa mvula isanagwe. Dzina la mtundu sakulidziwa. Ndawapempha, avomera. Mundipeze ku inbox cha pa 25 Julayi, tidzadule m'mawa, mudzakulunge m'nsalu yonyowa n'kukalumikiza tsiku lomwelo.

NaPhiri_Area25
Ndabweranso abale, lero ndi pa 22 Ogasiti. Tinakatenga kanthambi kuja ku Area 47, zikomo achimwene. Nditafika pa tsinde manja anayamba kunjenjemera, ndasongola kawiri konse n'kuononga. Amene anamaliza ndi mnyamata wa chikwanje uja. Amameta anthu pa kabenchi madzulo, ndiye lezala ndi dzanja lake n'zogwirizana. Kamodzi kokha mbali iyi, kamodzi mbali iyo. Anasunthira kumbali monga munanenera a Mlangizi, tinamanga ndi pepala la shuga. Pano maso awiri atseguka, timasamba tatuluka m'kajumbo muja. Pansi pa chipsera patulukanso mphukira zitatu, ndabudula zonse, sindinaitane munthu. Kajumbo ndichotse liti? Nanga chomangira?

Bambo_a_Junior_Kawale
Ndinanena ine kuti n'chimodzimodzi mango.

Chitsime_cha_Likuni
Dikirani Okutobala adutse kaye bambo.

Mlangizi_Wopuma
Kajumbo kabooleni lero kuti mpweya uzilowa, pakatha masiku atatu kapena anayi mukachotse madzulo, dzuwa litapepa. Chomangira chisiyeni mpaka masabata 6 kapena 8 atakwana, koma muziyang'ana. Mukaona chayamba kulowa m'khungwa, chekani kumbuyo ndi lezala, mumange china momasuka. Madzi ndowa imodzi kawiri pa sabata mpaka mvula, kuthira mozungulira osati pa thunthu.

NaPhiri_Area25
China n'chakuti pambali pa timasamba patuluka duwa limodzi lapinki. Lokongola zedi. Ana akuti tisiye tione ngati libereke.

Mlangizi_Wopuma
Polumikizapo sipanapole, sipanganyamule chipatso. Lijambuleni, kenako mulibudule.

NaPhiri_Area25
Ndajambula. Ndibudula mawa ana akapita kusukulu.